Mmene mungapangire poster ndi fonti ya manambala a pa sikelo ndi pa mita ya magetsi

Sabata yatha achimwene ena a ku Mangochi amene amagulitsa chips ndi nkhuku ku Yeoville ananditumizira voice note kuti akufuna poster ya mitengo koma manambala ake akhale ngati aja a pa sikelo ya ku butchala, ofiira owala aja. Sanadziwe dzina lake koma ndinamva pompo zomwe amanena, chifukwa manambala amenewa timakhala nawo tsiku lonse kuno ku Johannesburg, pa mita ya magetsi tikamalowetsa token ya manambala 20 ija kenako nkumayang'ana ngati mayunitsi akwera, pa pampu ya petulo pa galaji, pa microwave ya kuntchito, mu lift ya ku flat ikakhala kuti yaganiza zogwira ntchito tsiku limenelo, ngakhale pa wotchi ya Casio yomwe azibambo ambiri a kwathu sanayisiyebe. Ndiye ndati mmalo moyankha munthu mmodzi ndingolemba zonse, popeza ambiri tikupanga tokha ma flyer pa foni masiku ano.

Chachikulu choti mugwire ndi ichi, fonti imeneyi imatsanzira makina. Mukaichititsa zinthu zomwe makinawo sangachite diso limakana, munthu amangoti poster iyi ili ndi kena kake kolakwika koma osatha kuloza. Ndiye tiyambe ndi makinawo.

Tengani kalikuleta mulembe 8 muwerenge tindodo take. Tilipo 7, titatu togona ndi tinayi toyimirira. Amisiri a zamagetsi anatipatsa mayina kuyambira a mpaka g, kapamwamba ndi a, nkumazungulira ngati muvi wa wotchi, b ndi c kumanja, d pansi, e ndi f kumanzere, kapakati ndiye g, kenako pali kadontho pansi kumanja. Nambala iliyonse ndi 8 yemweyo wongozimitsidwa tindodo tina. Ndi chifukwa chake 1 samakhala pakati pa malo ake, amakhala chakumanja popeza ndi b ndi c basi, ndipo kumanzere kwake kumatsala mpata waukulu. Anthu ambiri akaona mpata umenewo amaganiza kuti fonti yalakwitsa nkuyamba kukokera 1 uja kufupi ndi anzake. Musatero aise, mpatawo ndi umene umapangitsa kuti zioneke zenizeni.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira, Frank Wood wa ku America analembetsa patent ya chinthu chonga chomwechi mu 1908, chake chinali ndi tindodo 8 chifukwa anawonjezera kopendekera ka nambala 4. Koma zinafala zedi mzaka za mma 1970 pomwe timagetsi ta LED tinalowa mu makalikuleta ndi mawotchi, Pulsar ya kampani ya Hamilton inatuluka mu 1972 ndi manambala ofiira, pomwe Casio F-91W yakuda ija ndi ya mu 1989. Amene tinaphunzira nthawi ya kalikuleta timakumbuka kulemba 351 nkuitembenuza chadodolido kuti iwerengeke ISE. Basi mbiri ithere pomwepa.

Chichewa ndi tindodo 7 sizimvana

Apa ndi pomwe ndinagwa ine ulendo woyamba. Ndinapangira poster mkulu wina wonyamula katundu kupita kumudzi, amafuna njira yake ilembedwe, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre, ine nkulemba zonse ndi fonti ya tindodo 7 ndikudziona ngati katswiri. Atayiyika pa status anthu anayamba kufunsa kuti kodi mawu achinayiwo ndi chani. MWANZA sinawerengeke ngakhale pang'ono.

Vuto lake ndi loti tindodo 7 tilibe kopendekera ngakhale kamodzi komanso tilibe koyimirira pakati, ndiye M, W, K, V ndi X sizitheka kulembedwa bwino. Tsono taganizani mawu athu, Malawi ali ndi M ndi W, kwacha ili ndi K ndi W, mtengo, nkhuku, Mzuzu, Nkhotakota, kumudzi, kulikonse mukumana ndi zilembo zomwezo. K amatuluka ngati H wothyoka mwendo, M amaoneka ngati n wovala chisoti. Ndiye palinso zilembo zina zomwe zimafanana ndi manambala, S ndi 5 ndi chimodzimodzi, Z ndi 2, O ndi 0, ndipo B wamkulu ndi 8 weniweni nchifukwa chake makina amalemba b wamng'ono ndi d wamng'ono pakati pa zilembo zazikulu. Lembani ZOMBA muone, munthu ayamba kuwerenga 20 kenako nkusokonezeka.

Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba, omwe ndimakonda ine, mawu onse alembedwe ndi fonti wamba, ya tindodo ikhale ya manambala okhaokha. Ukayang'ana pampu ya petulo uona kuti ndi mmene zilili, mawu oti malita ndi mtengo anasindikizidwa pa pulasitiki, pagalasi pamangoyenda manambala. Chimodzimodzi R wa ma Rand, mu tindodo 7 amatuluka kakang'ono ngati kangowe, ndiye bola kumulemba pambali ndi fonti ina, wocheperako kuposa manambalawo. Achiwiri, ngati mukufunadi kuti mawu nawo awale, gwiritsani ntchito ya tindodo 14. Imeneyi anaidula kapakati kaja pawiri, nkuwonjezera tiwiri toyimirira pakati ndi tinayi topendekera, ndiyo ija mumaiona pa wailesi ya mgalimoto ikamalemba dzina la siteshoni. Ilinso ya 16 yomwe anadulanso kapamwamba ndi kapansi. Ndi 14 MWANZA imawerengeka, NKHUKU imawerengeka, koma mawu akhale awiri kapena atatu osati chiganizo chonse. W wa kachipewa uja musavutike kumusaka, ingolembani W wamba, ndipo mawu onga ng'ombe yang'anani kaye ngati kachizindikiro ka pamwamba kaja katuluka musanatumize kwa mwini wake.

Fonti yake iti

Yomwe ndimagwiritsa ntchito pafupifupi nthawi zonse ndi DSEG, anaipanga munthu wa ku Japan wodziwika ndi dzina loti keshikan, ndipo ili pa webusayiti ya GitHub. Ili ndi DSEG7 ndi DSEG14, iliyonse ili ndi Classic ndi Modern, yopyapyala, yapakati, yonenepa, yoongoka ndi yopendekera. Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi layisensi yake, SIL Open Font License, kutanthauza kuti mutha kupangira kasitomala poster nkulandira ndalama popanda mlandu.

Zina zotchuka ndi Digital-7 ya Style-7 ndi DS-Digital, zonse zili pa dafont, webusayiti ya mafonti, mukalowa gawo la Techno kenako LCD muzipeza pamodzi ndi zina zambirimbiri. Ziwirizi zimabera pang'ono, zimawonjezera tindodo pa zilembo zovuta zija kuti M ndi K ziwerengeke, ndiye munthu wofuna mawu achidule zimamuthandiza. Koma werengani kafayilo ka layisensi kali mu zip, Digital-7 ndi yaulere pa zinthu zanu zokha, pa geni amafuna mulipire. Ndikudziwa ambiri timangodina download osawerenga, koma ngati ntchito yanu ikupita pa chikwangwani cha shopu kapena pa malaya ogulitsa bola kungotenga DSEG mtima ukhale mmalo. Palinso Segment7 yomwe layisensi yake ndi ngati ya DSEG.

Kulowetsa mu foni sikovuta. Mwapanga download zip, itseguleni ndi file manager, mupeza mafayilo othera ndi ttf. Mu PixelLab, app ya pa foni yopangira ma flyer, lembani mawu, pitani pa font kenako My Fonts, lozani pomwe pali fayiloyo, basi. Canva imalola kulowetsa fonti yanu pokhapokha muli pa Pro, ndiye ngati muli pa yaulere pangani manambalawo mu PixelLab, sungani ngati PNG yopanda background nkukailowetsa ku Canva ngati chithunzi. Pa kompyuta dinani fayiloyo kawiri nkupanga install, ituluka mu CorelDRAW, Photoshop, Inkscape ngakhale mu Word.

Kapangidwe kake

Yambani ndi galasi, manambala abwere pambuyo. Jambulani kabokosi kamakona anayi kozungulira pang'ono mmakona, ndipo pomwepo sankhani kuti mukutsanzira makina ati, chifukwa mitundu yake ndi itatu ndipo siisakanizika. Pali LED, manambala ofiira kapena a orange pa bokosi lakuda bii, ngati sikelo ya ku butchala kapena wotchi ya pakhoma. Pali LCD, manambala akuda pa galasi lotuwa lokhala ngati lobiriwira pang'ono, ngati kalikuleta ndi mita ya magetsi, imeneyi siwala. Ndiye pali ija ya pa ma hi-fi ndi ma video akale, yobiriwira mopita ku buluu pa bokosi lakuda, dzina lake VFD. Ma code a mitundu omwe ndimalemba mu app ndi awa, pa LED ndimayika bokosi 120606 manambala FF2B1C, pa LCD bokosi C6CDB4 manambala 1C1F1A, pa VFD manambala 5CFFE0. Si lamulo ayi, ndi zomwe diso langa linakonda, sinthani mmene mukufunira bola musayike pinki pa chikasu.

Tsopano chinsinsi chenicheni, tindodo tozima. Mukayang'anitsitsa sikelo muona kuti kumbuyo kwa nambala yoyaka kumaoneka 8 wozima mwa chizimezime. Poster yopanda zimenezi imangooneka ngati fonti, yokhala nazo imaoneka ngati makina. Tiyerekeze mtengo ndi 35.00, lembani kaye 88.88 ndi fonti yomweyo saizi yomweyo, tsitsani opacity, yomwe ndi mlingo wa kuonekera kwake, ifike pakati pa 8 ndi 12, kenako kopani leya imeneyo, ndiye kuti 88.88 yomwe mwalembayo, osaisuntha, bwezani opacity pa 100 nkusintha manambala kukhala 35.00. Kukopa ndi kofunika, mukalemba leya yachiwiri payokha muvutika kuzigwirizanitsa ndipo tindodo tizioneka tiwiritiwiri ngati munthu waledzera. Ngati mukugwiritsa DSEG14, chizindikiro cha ~ ndi chomwe chimayatsa tindodo tonse 14, ndiye leya yakumbuyo mudzaze timeneto.

Nanga mtengo ukakhala 5.00 pomwe galasi lili ndi malo anayi? Apa DSEG inaganiza bwino. Mukalemba ! sipatuluka kanthu koma pamatsala mpata wofanana ndendende ndi nambala imodzi, ndiye mulembe !5.00 zonse zikhala pamalo pake. Space wamba musamugwiritse pa ntchito imeneyi chifukwa ndi wopapatiza, anamupanga wofanana ndi timadontho tiwiri ta pakati pa maola ndi mphindi, cholinga choti ukamapanga wotchi yophethira uzingosinthanitsa 12:30 ndi 12 30 manambala osasuntha. Kadontho ka pansi nako sikatenga malo, kamangokhala pakona pa nambala ngati pa makina enieni. Ndipo manambala aziyambira kumanja, kalikuleta simayambira kumanzere.

Letter spacing isiyeni pa 0. Musaikoke fontiyo mmbali kapena mmwamba kuti idzaze malo, tindodo togona timanenepa toyimirira nkuwonda, zimaonekeratu. Musadine B wa bold kapena I wa italic wa mu app, sankhani fayilo ya Bold kapena Italic ya fontiyo, chifukwa bold wa app amatseka timipata ta pakati pa tindodo ndipo timipata timeneto tikatsekeka mwangotsala ndi manambala amakonamakona opanda ntchito.

Kuwala ndiye pomwe anthu amapyola muyezo. Pa LED ndi VFD ikani shadow ya mtundu womwewo wa manambala, offset 0 mbali zonse, blur pang'ono chabe, moti munthu aziona kuti pali kuwala koma mmphepete mwa kandodo kalikonse muzionekabe. Mukachulutsa 6, 8 ndi 9 zimasanduka chibuluma chimodzi. Pa LCD musayike kuwala konse, mmalo mwake kamthunzi kakang'ono kakuda kotsikira pansi kumanja, popeza pa kalikuleta manambala amakhala ngati akuyandama pamwamba pa galasi. Mukafuna kukometsa wonjezerani kamzere koyera kopendekera pa galasi opacity 5, koma zimenezo ndi zokometsera chabe.

Mawu ozungulira bokosilo akhale a fonti yosadzionetsera, Roboto, Montserrat kapena Arial yemweyo. Ena amakonda Orbitron ya pa Google Fonts chifukwa nayo imaoneka ya makina, ine ndimaona ngati zimalimbana, mfumu ziwiri mudzi umodzi. Pa poster imodzi bokosi lowala likhale limodzi, mwina awiri, pa chinthu chomwe mukufuna munthu aone choyamba.

Pomwe imakhala bwino ndi pomwe siyenera

Imakhala bwino paliponse pomwe pali nambala yosinthasintha kapena yowerengera. Mtengo wa mbale ya nsima, mtengo pa kilo kwa onyamula katundu, nthawi yonyamukira basi ku Park Station, masiku otsala kuti chinkhoswe chichitike, zigoli za Bullets ndi Wanderers pa status kapena za Pirates ndi Chiefs kwa omwe tinasanduka a konkuno, zaka za munthu pa birthday, 06.07 pa flyer ya chisangalalo cha ufulu wa dziko lathu. Pa vidiyo ya countdown ndiye imakoma zedi, koma onetsetsani kuti manambala onse ali ndi mulifupi wofanana, apo ayi 11 ikamasintha kupita pa 10 zonse zimanjenjemera. DSEG ili kale choncho, pa Digital-7 sankhani fayilo yolembedwa mono.

Nambala ya foni ndi ya akaunti musalembe ndi fonti imeneyi, ndikubwereza musalembe. WhatsApp imafinya zithunzi, munthu akuwerenga pa foni yosweka galasi ali mu taxi ya ku Bree dzuwa likuwomba, 5 ndi 6 zimasiyana kandodo kamodzi kokha, 8 ndi 9 kamodzi, 8 ndi 0 kamodzinso, ndiye tindodo tozima tija tikangowala mopitirira pang'ono ndalama zapita kwa munthu wina. Manambala otere alembedwe ndi fonti wamba yaikulu bwino.

Komanso pa uthenga wa maliro ayi. Ndinaonapo flyer yosonkhetsa ndalama zotumizira thupi kumudzi, ndalama yofunikayo atailemba ndi manambala ofiira owala pa bokosi lakuda ngati sale ya ku China Mall, mtima unandiwawa. Pa kadi ya ukwati nayonso ine sindiyika, pokhapokha pa ka status kowerengera masiku.

Musanatumize kwa kasitomala dzitumizireni nokha pa WhatsApp, tsegulani pa foni ina, tulukani panja muyang'ane. Ngati 35 ikuoneka ngati 88 tsitsani opacity ya kumbuyo ija. Pa saizi yaing'ono chotsani tindodo tozima nkomwe.

Kupulinta

Ku print shop pitani ndi PDF kapena PNG yaikulu, ndipo ngati mwapanga mu CorelDRAW sandutsani mawu kukhala ma curves, ndiye kuti zojambula zosadaliranso fonti, ndi Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Ctrl+Shift+O. Ine ndinapita ndi fayilo yosasandutsa pa shopu ina mtauni, kompyuta yawo inalibe fontiyo ndiye inangolowetsa ina, banner inatuluka ndi 88.88 wa Arial atasanjikizana ndi mtengo, ndipo ndinalipira ndine popeza ndinavomera osayang'ana pa sikirini yawo.

Dziwaninso kuti pepala siliwala. Chofiira chomwe chikuthwanima pa foni chimatuluka chozimirira pa inki, ndipo bokosi lakuda limadya inki yambiri, pa photocopy limatuluka lamizeremizere. Ngati ma flyer ake ndi a black and white ogawa pa robot kapena ku tchalitchi Lamlungu, tengani mtundu wa LCD, manambala akuda pa bokosi lotuwa pang'ono, umatuluka bwino ngakhale makina atatopa.

Pa vinyl yomata pagalasi la shopu kapena pa trailer, kumbukirani kuti kandodo kalikonse ndi kachidutswa pakokha, 2025 yokha ndi tizidutswa 21, ndiye awuzeni akuyikireni transfer tape kuti muzimata zonse pakamodzi, mukati muzimata kamodzikamodzi ndi manja mzere ukhota. Pa malaya ndi chimodzimodzi, ndipo tengani Bold chifukwa tindodo topyapyala timayamba kumatuka kunsonga mukachapa kangapo. Koma kudukaduka komweko ndi phindu kwa olemba ndi penti, fonti imeneyi ndi stencil yokhayokha. Pulintani 8 mmodzi wamkulu, mateni pa katoni kapena pa pulasitiki yolimba, bowolani tindodo 7 ndi lezala, pakati sipagwa chifukwa timipata tija tikugwira, ndiye ndi 8 mmodziyo mutha kupopera nambala iliyonse pongotseka mabowo osafunika ndi masking tape.

Achimwene a ku Yeoville aja pomaliza sitinawapangire poster yopulinta ayi, chifukwa mtengo wa mafuta ophikira ndi mbatata sukhazikika ndipo bwenzi akupulinta mwezi ndi mwezi. Tinatenga bolodi, tinaipaka penti yakuda, tinapopera 88 wotuwa kutsogolo kwa chakudya chilichonse ndi stencil ija, kenako tinadula tindodo ta tepi yofiira yonyezimira ija amamata kumbuyo kwa ma truck. Mtengo wa chips ukachoka pa 35 kupita pa 38 amangodula tiwiri nkumata pa b ndi e, ndipo usiku magetsi a galimoto akawomba bolodi ija anthu amafunsa kuti mabatire ake ali pati.